Malo a pa C: akutha okha: zolemba za kufufuza kompyuta ya mu ofesi ya maakaunti

Kompyuta yake ndi ya patebulo, ya mu ofesi yaing'ono yosunga mabuku a ndalama ndi a katundu wa m'sitolo. Ili ndi Windows 10 Pro 22H2, RAM ya 8 GB ndi SSD ya 256 GB. Pambali pake pamakhala hadi disiki yakunja ya 1 TB yolumikiza pa USB, yosungiramo bakapu. Dandaulo ndi lakuti C: yafiira posonyeza kuti yadzaza, Excel ikukana kusunga ntchito, ndipo ogwira ntchito akafufuta zithunzi ndi mavidiyo, pakapita masiku awiri malo aja amakhala atathanso. Eni ofesi anali ataganiza kale zogula SSD ya 512 GB. Tagwirizana kuti kugulako kudikire mpaka chomwe chikudya malo chidziwike, chifukwa kukulitsa disiki vuto lilipobe n'kutunga madzi ndi ndowa yobooka: pakatha miyezi itatu yatsopanoyo idzafiiranso.

Lolemba, 10 Febuluwale 2025: kuwerengera kaye

Malo otsala m'mawa uno ndi 2.1 GB. Windows ikuonetsa C: ngati ya 237.8 GB, osati 256, ndipo apa palibe chomwe chasowa. Opanga madisiki amawerenga 1 GB ngati mabayiti 1,000,000,000, pomwe Windows imagawa ndi 1024 katatu, ndiye 256 imatsika kufika pa 238.4. Kotsalako kali m'tizigawo ting'onoting'ono toyatsira kompyuta ndi tokonzera Windows ikawonongeka.

Tasankha mafoda onse ooneka mu C:\ n'kudina Properties. Onse pamodzi akwana pafupifupi 100 GB, koma disiki ikuti yadzaza ndi 235. Kusiyana kotereku n'kumene kumapangitsa anthu kuthamangira kunena kuti ndi vayirasi. Tayendetsa Full scan ya Microsoft Defender kuti nkhani imeneyo ithe, ndipo sinapeze kanthu. Chifukwa chenicheni n'chakuti File Explorer sawerenga foda yobisika yomwe simunaisankhe, monga ProgramData, salowa m'mafoda a anthu ena mu C:\Users ngati mulibe chilolezo, ndipo foda yobisika ya Windows yotchedwa System Volume Information saikhudza n'komwe.

Kuti ntchito ya lero itheke tatsegula Disk Cleanup n'kudina Clean up system files. Windows Update Cleanup yabweza 4.6 GB, Delivery Optimization Files 2.3 GB, Recycle Bin 1.4 GB, mafayilo osakhalitsa 0.8 GB. Kabokosi ka Downloads, komwe kamaoneka m'mitundu ina ya Windows 10, kasachongedwe, chifukwa m'maofesi ambiri mainvoisi amakhala mmenemo. Malo otsala tsopano ndi 11.2 GB.

Pa bokosi la kompyuta tamata pepala loti pazilembedwa malo otsala 8 koloko m'mawa ndi poweruka. Nambala yake ikutengedwa mu Command Prompt yotsegulidwa ndi Run as administrator:

`fsutil volume diskfree C:`

Ndalama zomwe zatuluka lero: palibe.

Lachiwiri, 11 Febuluwale: 4.2 GB yapita tsiku limodzi

M'mawa 11.2 GB, poweruka 7.0 GB. Palibe amene watsitsa kanema kapena kuika pulogalamu yatsopano. Magetsi anazima kamodzi cha m'ma 11 koloko, ndipo zimenezi zalembedwanso pa pepala lija.

Tatsitsa WinDirStat, pulogalamu yoonetsa kukula kwa foda iliyonse, yomwe ndi yaulere ngakhale pa ntchito ya mu ofesi ndipo imadya ma MB ochepa chabe pa bandulo. WizTree imathamanga kwambiri kuposa iyi, koma ndi yaulere pa kompyuta ya kunyumba yokha, pa bizinesi imafuna laisensi. Poyamba WinDirStat inatsegulidwa wamba ndipo inaonetsa manambala operewera ngati a File Explorer. Itatsegulidwa ndi Run as administrator, Show Unknown atayatsidwa, chithunzi chasintha:

Users ili ndi 71 GB, pomwe 49 ndi ya amene akugwira ntchito pano ndipo 22 ndi ya maakaunti awiri a anthu omwe anachoka. ProgramData ili ndi 63 GB. Windows 24 GB, Program Files ziwiri zija 19 GB, mafayilo atatu a pagefile.sys, hiberfil.sys ndi swapfile.sys 8 GB. Malo osadziwika ndi 45 GB. Mtundu wina wa WinDirStat umawaonetsa ngati Unknown, wina ngati System Volume Information, koma ndi chinthu chimodzi.

Mu ProgramData, 58 GB ili mu foda imodzi ya pulogalamu ya maakaunti, mafayilo 42 a mayina a manambala okhaokha. Sitinakhudze ngakhale imodzi. Palibe mu ofesi amene akudziwa ngati ndi mabuku enieni a kampani kapena makope, ndipo kufufuta mongoganizira mu foda ya maakaunti kukhoza kutaya ntchito ya chaka chonse. WinDirStat imaonetsa chomwe ndi chachikulu lero. Chomwe chikukula sichioneka pa sikani imodzi, ndiye funso limenelo latsala.

Lachitatu, 12 Febuluwale: System Volume Information

Microsoft imatulutsa zokonza za mwezi Lachiwiri lachiwiri la mwezi, ndipo kuno zimafika usiku. M'mawa uno kompyuta yayamba kuzitsitsa, malo atsika kufika pa 3.9 GB, kenako yalephera ndi nambala 0x80070070, yomwe tanthauzo lake ndi disiki yodzaza. Taimitsa Windows Update ndi Pause updates for 7 days kuti isasokoneze kuwerengera.

Za malo osadziwika aja, lamulo lake ndi ili:

`vssadmin list shadowstorage`

Mzere wa Used ukuti 46 GB, ndipo wa Maximum ukuti UNBOUNDED. Ndiye kuti palibe malire: ma shadow copy, omwe ndi makope obisika a mmene disiki inalili kale, aloledwa kudya disiki yonse. Lamulo la `vssadmin list shadows` laonetsa kuti ena ndi ma restore point a Windows, obwezera kompyuta mmene inalili ikasokonekera, koma akale kwambiri anapangidwa ndi pulogalamu ina ya bakapu yomwe inachotsedwa kale pa kompyutayi n'kuwasiya.

Apa m'pofunika kumvetsa bwino, chifukwa n'pamene pali yankho la dandaulo lija lakuti "tikafufuta sizithandiza". Shadow copy imasunga mmene disiki inalili pa nthawi yomwe inajambulidwa. Mukafufuta vidiyo ya 1 GB yomwe inalipo nthawi imeneyo, malo amaoneka ngati abwera. Koma fayilo yatsopano ikamalembedwa pamalo omwewo, Windows imayamba yakopera zakale zija mu System Volume Information isanalole zatsopano kulembedwa. Fayilo imodzi yatsopano imadya malo kawiri. Shadow copy ikakhalitsa popanda malire, imangounjika chilichonse chomwe chasintha kuyambira tsiku lomwe inapangidwa.

Tisanafufute tafunsa ngati alipo amene akufuna kubweza fayilo yakale kudzera pa Previous Versions, chifukwa zikapita sizibwerera. Palibe. Lamulo la `vssadmin delete shadows /for=C: /all` labweza 9 GB yokha. Kuliyendetsanso, latulutsa uthenga wakuti "Snapshots were found, but they were outside of your allowed context". Limakana kuchotsa zomwe zinapangidwa ndi pulogalamu ina. Njira yodutsira ndi kuika malire, chifukwa Windows imataya yokha zakale kwambiri mpaka zotsala zikwane:

`vssadmin resize shadowstorage /for=C: /on=C: /maxsize=10GB`

Izi zabweza 29 GB ina. Tapanga restore point yatsopano nthawi yomweyo mu System Protection. Dziwani kuti ma antivirus ena amatsekereza lamulo la delete shadows, popeza ransomware, vayirasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo, imagwiritsanso ntchito lomwelo. Zikatero musazimitse antivirus, gwiritsani ntchito System Protection, Configure, n'kukokera kachizindikiro ka Max Usage pansi.

Fayilo ya hiberfil.sys, yosungira ntchito zotseguka kompyuta ikagonekedwa pa hibernate, inali 3.2 GB, yomwe ndi 40 peresenti ya RAM. Kompyuta ya patebulo yomwe imazimitsidwa poweruka siifuna, ndiye `powercfg /h off` yaichotsa. Lamuloli limazimitsanso Fast Startup, koma pa SSD kusiyana kwake poyatsa ndi masekondi ochepa. Pa laputopu ganizani kaye, chifukwa hibernate ndi imene imapulumutsa ntchito batire ikatha. Fayilo ya pagefile.sys, yomwe Windows imagwiritsa ntchito RAM ikachepa, taisiya mmene ilili. Ndi RAM ya 8 GB, kuizimitsa kumapangitsa mapulogalamu kutsekeka okha pakati pa ntchito.

Foda ya WinSxS, yosungira zigawo za Windows, imaoneka yaikulu mu File Explorer kuposa mmene ilili, chifukwa mafayilo ake ambiri ndi omwewo a mu System32, owerengedwa kawiri. Lamulo la `Dism /Online /Cleanup-Image /AnalyzeComponentStore` lati kuyeretsa sikukufunika, popeza Disk Cleanup inachita kale Lolemba. Foda imeneyi pamodzi ndi C:\Windows\Installer zisamafufutidwe ndi dzanja. Mukatero Office ndi mapulogalamu ena amakana kukonzedwa kapena kuchotsedwa, ndipo vutolo limadzaoneka patapita miyezi, aliyense ataiwala chomwe chinachitika.

Masana malo anafika 45.1 GB. Poweruka 43.7 GB.

Lachinayi, 13 Febuluwale: kukudonthabe

Mzere wa C: wasiya kufiira ndipo mu ofesi aliyense akuti zatha. Pepala likukana: m'mawa 43.7, poweruka 40.9. Yapita 2.8 GB, ndipo magetsi anazimanso kamodzi. Kuchepa kwa nambalayi poyerekeza ndi Lachiwiri kukusonyeza kuti ma shadow copy ankangowonjezera pa vuto lomwe gwero lake lili kwina.

Mu PowerShell ya administrator tafunsa mafayilo onse oposa 200 MB omwe alembedwa m'masiku awiri apitawa:

`Get-ChildItem C:\ -Recurse -Force -File -ErrorAction SilentlyContinue | Where-Object { $_.Length -gt 200MB -and $_.LastWriteTime -gt (Get-Date).AddDays(-2) } | Select-Object FullName, Length, LastWriteTime`

Mukasiya -Force mafoda obisika amadumphidwa, ndipo mukasiya -ErrorAction sikirini imadzaza ndi mawu ofiira a mafoda okana kutseguka. Lamuloli latenga mphindi zingapo. Kupatula pagefile.sys ndi fayilo ya Outlook, zotsala zonse ndi za mu foda ija ya pulogalamu ya maakaunti, iliyonse 1.4 GB. Nthawi zake zikugwirizana ndi pepala: imodzi itangokwana 8 koloko m'mawa, ina mphindi zochepa magetsi atabwera. Fayilo yakale kwambiri mu fodayo ndi ya pa 9 Januwale.

Lachisanu, 14 Febuluwale: gwero lapezeka

Kuti tidziwe pulogalamu yomwe ikulemba, tagwiritsa ntchito Process Monitor ya Sysinternals, yaulere. Kuyesa koyamba kunachitika dzulo madzulo ndipo kunabweretsa vuto lake. Process Monitor imasunga zonse zomwe ikuona mu virtual memory, yomwe imadalira pagefile.sys, ngakhale zomwe fyuluta yabisa pa sikirini. Itayenda ola limodzi, pagefile.sys inakula kuchoka pa 4.6 kufika pa 9 GB ndipo kompyuta inayamba kukakamira. Inabwerera m'malo mwake kompyuta itayatsidwanso. Musanayambe kujambula, chongani Drop Filtered Events pansi pa Filter.

M'mawa uno fyuluta ndi iwiri: Operation is WriteFile, ndi Path begins with C:\ProgramData. Tayamba kujambula, kenako tatsegula pulogalamu ya maakaunti. Pasanathe mphindi imodzi mizere yayamba kutsika, yonse ya pulogalamu yomweyo, ikulemba fayilo yatsopano ya 1.4 GB. Ndi bakapu. Pulogalamuyi imakopera mabuku onse nthawi iliyonse ikatsegulidwa, ndipo ndi aakulu chonchi chifukwa malisiti osikanidwa amasungidwa mkati mwake. Nyengo ino ya mvula magetsi akazima kawiri, tsiku limenelo pamakhala mabakapu atatu. Mabuku enieni ali mu foda ina, fayilo imodzi.

Koma n'chifukwa chiyani bakapu ikupita pa C: pomwe hadi disiki yakunja ilipo? Mu zosankha za pulogalamu mwalembedwa E:\Bakapu. Mu This PC, hadi disikiyo ikuoneka ngati F:, ndipo E: ndi fulashi yomwe inalowetsedwa kumbuyo kwa kompyuta n'kusiyidwa. Windows imapereka chilembo choyamba chomwe chilibe mwini kwa chipangizo chomwe chalumikizidwa. Tsiku lomwe hadi disiki inazulidwa, fulashi inatenga E:, ndipo hadi disikiyo pobwerera inapatsidwa F:. Pulogalamu itasowa foda ya E:\Bakapu sinachenjeze aliyense, inangoyamba kusunga mu ProgramData. Fayilo yomaliza pa hadi disiki yakunja ndi ya pa 8 Januwale.

Chodetsa nkhawa kuposa malo ndi ichi: kwa milungu isanu mabuku a kampani ndi makope ake onse anali pa SSD imodzi. Mphezi ikanaomba kapena SSD ikanafa, zonse za kuyambira 9 Januwale zikanapita limodzi. SSD ya 512 GB ikanagulidwa, vutoli likanabisika mpaka chapakati pa chaka.

Kukonza kwake kwayenda motere. Mu Disk Management, yomwe imatseguka polemba diskmgmt.msc, tadina kumanja pa hadi disiki yakunja, Change Drive Letter and Paths, n'kuipatsa X:. Chilembo chakumapeto ngati ichi fulashi wamba sichifikira, ndipo Windows imachikumbukira disikiyo ikazulidwa n'kubwezedwa. Mu pulogalamu talemba X:\Bakapu. Bokosi la chiwerengero cha makope osungidwa linali lopanda kanthu, kutanthauza kuti palibe lomwe limafufutidwa, ndiye taikamo 20. Kope la kumapeto kwa mwezi liziikidwa ndi dzanja mu foda yakeyake kuti lisafufutidwe nawo.

Mafayilo 47 omwe ali pa C:, okwana 65 GB, takopera kaye osati kusamutsa:

`robocopy "C:\ProgramData\foda ya pulogalamu\Backup" X:\Bakapu_Januwale /E /R:1 /W:1`

Musasiye /R ndi /W. Popanda izi, robocopy ikakumana ndi fayilo yotsekedwa imayesa ka 1,000,000, kudikira masekondi 30 pakati pake, ndipo imaoneka ngati yaima. Kukopera kwatenga pafupifupi kotala la ola pa doko la buluu la USB 3.0. Pa doko lakuda la kutsogolo, la USB 2.0, kukanapitirira theka la ola. Tayerekeza chiwerengero cha mafayilo mbali zonse ziwiri, tayendetsa Get-FileHash, lamulo lotsimikizira ngati kope likufanana ndi fayilo yake, pa fayilo yatsopano kwambiri ndi ya pa 31 Januwale, ndipo manambala afanana. Kenako wowerengera ndalama wabweza kope la lero pa laputopu ina n'kuona kuti malonda a dzulo alimo. Zitatero m'pamene tafufuta za pa C: ndi Shift ndi Delete, kuti zisakagone mu Recycle Bin n'kumadyabe malo.

Tatseka pulogalamu n'kuitsegulanso. Fayilo yatsopano yaoneka mu X:\Bakapu, ndipo foda ya mu ProgramData ilibe kanthu. Malo otsala ndi 104 GB.

Lolemba, 17 Febuluwale: maakaunti a omwe anachoka

M'mawa 104 GB, masana 104 GB, magetsi atazima kamodzi. Kudontha kwasiya.

Zatsala 22 GB za anthu awiri omwe anachoka. Eni ofesi anafuna kuti zisungidwe pa fulashi ya 32 GB ija, koma kukopera kunaima pa fayilo ya Outlook ya .pst ya 6 GB ndi uthenga wakuti fayilo yakula kwambiri, ngakhale malo analipo. Fulashiyo ndi ya FAT32, yomwe siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Tatumiza zonse pa X:, yomwe ndi NTFS. Pokopera foda ya munthu mu C:\Users wonjezerani /XJ pa robocopy. Mu AppData\Local muli njira yobisika yotchedwa Application Data yomwe imalozera foda yomwe ili momwemo, ndipo popanda /XJ robocopy ikhoza kuzungulira mmenemo n'kumapanga foda mkati mwa foda mpaka disiki yolandira itadzaza.

Fayilo ya .pst ndi yofunika kuisamala, chifukwa pa akaunti ya imelo ya mtundu wa POP makalata amatha kukhala mmenemo mokha. Ya .ost nthawi zambiri ndi kope la zomwe zili pa seva, koma ngati akaunti ya munthuyo inatsekedwa kale, nayonso isungidwe.

Pochotsa, musafufute foda mu C:\Users ndi dzanja. Dzina la munthuyo limatsalira mu registry, ndipo akauntiyo ikadzatsegulidwanso Windows imalowetsa munthu mu profile yosakhalitsa yomwe imataya zonse akatuluka. Lembani sysdm.cpl, pitani pa Advanced, pa User Profiles dinani Settings, sankhani dzina n'kudina Delete. Batani la Delete linali lozimirira pa akaunti imodzi mpaka kompyuta itayatsidwanso. Malo afika 126 GB.

Tayatsanso Windows Update ndipo zokonza za Febuluwale zalowa popanda vuto, n'kutenga pafupifupi 3 GB. Storage Sense tayiyatsa mu Settings, System, Storage: Recycle Bin izitsukidwa pakatha masiku 30, Downloads pa Never.

Lolemba, 24 Febuluwale: sabata yathunthu

Pepala likuonetsa pakati pa 122 ndi 123 GB sabata yonse. Ma shadow copy ali pa 9.6 GB ndipo sakupyola malire. Mu X:\Bakapu muli makope a tsiku lililonse.

Ndalama zonse zomwe zatuluka ndi za bandulo yotsitsira mapulogalamu awiri ang'onoang'ono ndi zokonza za Windows. SSD sinagulidwe, ndipo ndalama yake ndi bwino ipite ku zinthu ziwiri. Choyamba ndi batire ya 12V 7Ah ya UPS, bokosi lopatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima, yomwe ili pansi pa tebulo, chifukwa pano imazima limodzi ndi magetsi, ndipo kuzima kwadzidzidzi pulogalamu ikulemba kukhoza kuwononga mabuku enieniwo. Chachiwiri ndi hadi disiki ina yoti izikoperedwa Lachisanu n'kukagona kunja kwa ofesi, popeza ya X: imakhala yolumikizidwa nthawi zonse ndipo mphezi kapena ransomware zikhoza kuitenga limodzi ndi kompyuta.

Pulogalamu ya maakaunti ikadali ndi khalidwe lomwe lija losunga pa C: mwakachetechete ikasowa X:. Taika shortcut ya foda ya Backup ya mu ProgramData pa Desktop, ndipo Lachisanu lililonse wowerengera ndalama aziitsegula. Akapezamo fayilo, ndiye kuti chingwe cha USB chamasuka kapena hadi disiki yafa.

Ntchito yotsatira ndi Windows 11, chifukwa Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiyira kuthandiza Windows 10. PC Health Check yati kompyutayi ikukwanira, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kalipo. Tsiku losintha, malo adzatsika mwadzidzidzi ndi ma GB makumi angapo chifukwa cha foda ya Windows.old. Imeneyo isadzafufutidwe mpaka pulogalamu ya maakaunti ndi printa zitayesedwa, popeza ndi yokhayo yobwererera ku Windows 10, ndipo Windows imaichotsa yokha pakatha masiku 10. Tikadzasintha tidzayendetsenso `vssadmin list shadowstorage` n'kuona mu Disk Management ngati hadi disiki yakunja ikadali X:.